Zolemba za ntchito yothetsa phokoso la mapaipi a chimbudzi kunyumba kwathu ku Ulongue

3 Juni 2024: Mmene nyumba ilili, ndi ndalama yoyamba imene ndinataya

Nyumba yathu ili ku Ulongue, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo madzi ake amachokera pachitsime chimene tinakumba pabwalo pomwepa. Pampu yamagetsi imakoka madziwo n'kuwakankhira m'nyumba kudzera m'kathanki kofiira kozungulira ka malita 24, kamene amisiri kuno amakatchula kuti balão, ndipo pampuyo imadziyatsa yokha mphamvu ya madzi ikatsika m'mapaipi, n'kudzizimanso ikakwera. Kuchokera pamenepo paipi yachitsulo ya 3/4 ya inchi imalowa m'nyumba, imakwera m'siling'i, kenako imagawikana kukhala mapaipi a 1/2 opita kukhitchini, kubafa ndi kuchimbudzi chogejemula. Ndayamba ndi kufotokoza zimenezi chifukwa munthu amene madzi ake amatsika okha kuchokera m'thanki yapamwamba sadzakumana ndi zina mwa zimene ndilembe pano.

Phokoso linayamba mvula itangosiya, koma tinalipirira mpaka apongozi anga atabwera kuchokera ku Domue kudzakhala nafe nyengo yachisanu. Chipinda chawo chagundana khoma ndi chimbudzi. Iwo sanadandaule kwa ine, monga mwa ulemu wawo, koma anauza mwana wawo kuti usiku amamva ngati munthu akugogoda m'khoma, ndipo tulo sakulipeza.

Mwezi wathawu ndinachita zinthu mopupuluma. Mnzanga wina wakuntchito, amene nyumba yathu sanaionepo, anandiuza kuti phokoso lotere limachokera pampopi wa kubafa, ndipo ine ndinagula mpopi watsopano wa 650 MT (meticais, ndalama ya kuno) n'kuuika tsiku lomwelo. Phokoso silinasinthe ngakhale pang'ono. Mpopi wakalewo ndausunga m'katoni, ulibe vuto lililonse.

8 Juni: Tsiku lomvetsera

Lero sindinamasule chilichonse. Ndinatenga kope ndi cholembera, ndinapempha mwana wanga wamkulu kuti azigejemula chimbudzi ndikamuuza, ndipo ine ndinkayenda ndi sikuludilaiva yaitali, nsonga yake ndikuigunditsa pa paipi, chogwirira chake ndikuchiika pakhutu. Njira imeneyi ndinaiona kwa amakaniko akamamvetsera injini ya galimoto, ndipo pamapaipi imagwira ntchito bwino lomwe, chifukwa chitsulo chimanyamula phokoso mpaka kutali ndi pamene layambira, moti khutu lokha limanamizidwa, koma pamalo enieni pamene chinthu chikunjenjemera chogwiriracho chimachita kukutekenya m'khutu.

Pofika madzulo ndinali nditazindikira kuti chimene tonse tinkachitchula kuti phokoso la chimbudzi ndi maphokoso anayi osiyana. Loyamba ndi mluzu wakuthwa umene umamveka nthawi yonse imene kathanki ka chimbudzi kakudzaza, ndipo umakwera madzi akatsala pang'ono kufika pamlingo wake. Lachiwiri ndi kugunda kumodzi kwamphamvu m'siling'i, kuti gu, panthawi yeniyeni imene madzi asiya kulowa m'kathanki. Lachitatu ndi la usiku: popanda munthu wokhudza chimbudzi, kathanki kamayamba kudzaza kokha kwa masekondi owerengeka, pampu n'kulira panja, kenako kugunda kuja n'kutsatira. Lachinayi ndi kubwatabwata kumene kumamveka pabowo lotulukira madzi kubafa mukangogejemula.

Nditatseka kampopi ka pakhoma kamene kamapereka madzi kuchimbudzi, usiku wonse kunali zii, ndipo pampu sinayake n'kamodzi komwe. Zimenezi zinandithandiza kuchotsa khitchini ndi bafa pamndandanda wa zokayikitsa, komanso zinandimasula ku mantha amene ndinali nawo akuti mwina paipi yaphulika pansi pa simenti. Kuyambira tsiku limenelo takhala tikutseka kampopiko pogona kuti apongozi apeze tulo pamene ntchito ikupitirira.

10 Juni: Kuyesa ndi buluu

Kathanki sikangadzaze kokha ngati madzi sakuthawira kwina. Ndinagula buluu wochapira zovala wa 20 MT, ndinamusungunula m'kapu n'kuthira m'kathanki, ndipo ndinaletsa aliyense kugejemula. Pasanathe mphindi khumi kanzere kabuluu kanali katayamba kutsetsereka chakumbuyo kwa sanita, kuja timakhalirako, kopyapyala ngati ulusi. Madzi oyera akamadutsa pamenepo maso sangawaone, ndiye chifukwa chake tinakhala miyezi iwiri osadziwa.

Ndinatseka madzi, ndinagejemula kuti kathanki kaume, ndipo ndinapotokola chipangizo chapakati chotulutsira madzi n'kuchizula. Pansi pake pali kalabala kozungulira kamene kamakhala pakamwa pa bowo. Kathu kanali katauma, kali ndi timatuza tiwiri m'mphepete, ndipo pakamwa pa bowopo panali mchenga wosalala umene unamatirira ngati phala louma. Ndinatsuka pakamwapo ndi nsalu yonyowa, osati ndi waya kapena sandipepala, chifukwa mukakanda pulasitiki imeneyo ngakhale kalabala katsopano sikadzatsekanso bwino. Popeza katsopano ndinalibe, ndinatembenuza kakaleko kuti mbali yosalala iyang'ane pansi.

Kutembenuzako kunagwira masiku anayi okha. Tsiku lachisanu, kampopi kaja kali kotsegula, pampu inayambiranso kudzuka usiku. Ndikuganiza kuti ndi kudzukadzuka kumeneku kumene kwakhala kukudya mayunitsi a magetsi a Credelec mofulumira kuposa kale, ngakhale kuti sindinkalemba mawerengedwe a mita kuti nditsimikize.

15 Juni: Valavu ya boya, ndi ulendo wa ku Dedza umene sunapindule

Mluzu uja sikuludilaiva inaulondola mpaka pavalavu yolowetsa madzi m'kathanki, imene imatsekedwa ndi boya, kachinthu koyandama pamadzi, madzi akadzaza. Nditamasula kachipewa kake ndinapeza kalabala kena kakang'ono ngati batani la malaya, kong'ambika pakati, ndi timiyala ta mchenga titatu titatsekereza theka la kabowo kolowera madzi. Madzi akamadzipanikiza pakabowo kochepa chonchi, kalabala kong'ambikako kamanjenjemera ngati tsamba limene mwana waika pakamwa n'kumaliimba. Nditatsuka mchengawo mluzu unachepa koma sunathe, ndipo m'mashopu a zitsulo amene ndinafunsa kuno sindinapeze kalabala kofanana nako. Panafunika kugula valavu yonse.

Alamu anga anali ndi ulendo wa ku Dedza tsiku limeneli, ndipo ndinapita nawo kudzera pachipata cha Calómuè, poganiza kuti kumeneko katundu wa mapaipi ndi wambiri. Valavu ndinaipeza, yooneka yolimba, pamtengo umene posintha makwacha unafika pafupifupi 420 MT, kuwonjezapo 300 MT ya mayendedwe. Chimene sindinachite ndi kunyamula valavu yakale kuti ndikayerekeze. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti mwendo wa valavu yatsopano ndi wa 1/2, umene kunenepa kwake ndi pafupifupi mamilimita 21, pamene wakalewo ndi wa 3/8, pafupifupi mamilimita 17, ndipo bowo la pakathanki kathu linaboolera wa 3/8 womwewo. Kathanki kakanakhala kapulasitiki ndikanakulitsa bowolo ndi tupa, koma kathu ndi kadothi lowotcha, ndipo sindikanayerekeza kukakhudza.

Amene timakhala m'malire muno tiyenera kusamala pamfundo imeneyi. Katundu amene amabwera kudzera ku Tete ndi amene amagulitsidwa tsidya la Malawi nthawi zambiri sachokera kumodzi, ndipo zinthu ziwiri zooneka ngati mapasa pakauntala zimatha kukana kulowana mukafika nazo kunyumba. Valavu ya ku Dedza ija ndawapatsa alamu, mwina idzawagwirira ntchito kwawo.

22 mpaka 29 Juni: Katundu wochokera ku Tete

Sindinafune kuwononganso ndalama ya ulendo, choncho ndinajambula valavu yakale ndi kalabala ka pansi kaja nditaziika pambali pa tepi yoyezera, n'kutumiza zithunzizo pa WhatsApp kwa mphwanga amene amagwira ntchito mumzinda wa Tete. Ndalama ndinatumiza pa M-Pesa. Anagula valavu ya boya ya 3/8 pa 550 MT, kalabala ka pansi pa 150 MT, kapaipi kofewa kolumikizira kathanki pa 180 MT, ndi matepi awiri oyera okulunga pamazinga pa 50 MT. Tchuthi cha pa 25 Juni, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko, chinachedwetsa zinthu pang'ono, ndipo phukusilo linafika pa 27 ndi woyendetsa chapa, minibasi ya kuno, amene ndinamulipira 150 MT.

Kuika kalabala ka pansi kunatenga mphindi zisanu, ndipo nditathiranso buluu, theka la ola linatha madzi a m'sanita ali mbee. Kuika valavu ndi kumene kunandivuta, ndipo cholakwa chinali changa. Nati ya kapaipi kofewa ndi yachitsulo pamene mazinga a valavu ndi apulasitiki, ndipo ine ndinakulunga tepi yoyera yambiri pamazingapo n'kuyamba kumanga ndi sipanala kuchokera pachiyambi. Natiyo inalowa mopendekeka, ndipo poti ndinkakakamiza, kalabala ka m'kati mwake kanatafunika n'kung'ambika. Nditatsegula madzi anayamba kudontha m'mbali. Mwamwayi mazinga a valavu anangophwanyika oyamba okha, ndipo ndinawawongola ndi kampeni.

Ndinagula kapaipi kena konkuno pa 200 MT. Ulendo uno ndinachotsa tepi yonse, chifukwa pamalo amenewa chimene chimatseka madzi ndi kalabala ka m'kati mwa nati, osati mazinga. Ndinamanga ndi zala mpaka pamene zinalekezera, kenako ndinawonjezera pang'ono chabe ndi sipanala. Sipanadonthenso. Boya ndinaichuna kuti madzi azilekezera zala ziwiri pansi pa kamwa la paipi yosefukira ya m'kati mwa kathanki.

Mluzu unatha ndipo kudzaza kwa usiku kunatha. Koma kugunda kwa m'siling'i kunakula kuposa kale, mpaka fumbi linkagwa pamphambano ya siling'i ndi khoma. Poyamba ndinaganiza kuti ndagula valavu yoipa, koma nditaonetsetsa ndinazindikira chimene chasintha. Valavu yakale, chifukwa cha mchenga ndi kutha kwake, inkatseka madzi pang'onopang'ono, pamene yatsopanoyi imadzaza mwachangu n'kutseka kamodzi n'kamodzi. Madzi othamanga m'paipi yachitsulo akaimitsidwa mwadzidzidzi chonchi amabwerera m'mbuyo n'kumenya paipi yonse.

6 Julayi: M'siling'i

Ndinakwera m'siling'i m'mawa malata asanatenthe, ndili ndi tochi, ndikuponda pamitanda pokha. Mwana atagejemula pansi ndinadikira kathanki kadzaze, ndipo ndinaona ndi maso anga paipi ya 1/2 yopita kuchimbudzi ikudumpha n'kumenya mtanda. Paipiyo yayenda pafupifupi mamita anayi osamangidwa pena paliponse, yangogonekedwa pamitengo, ndipo pamene imamenyapo mtengo wachita kudyeka kanjira kosalala kolowa chala.

Ndinagula zomangira mapaipi zisanu ndi zitatu pa 30 MT chimodzi, ndi masikulu a 60 MT. Pansi pa chomangira chilichonse ndinakulunga kachidutswa ka chubu chakale cha njinga kuti chitsulo chisagundane ndi chitsulo kapena mtengo, ndipo ndinaziika motalikirana pafupifupi mita imodzi, n'kuwonjezera ziwiri pafupi ndi pokhota pamene paipi imatsikira m'khoma, chifukwa mphamvu ya kugundako imathera pamenepo.

Phokoso linachepa kwambiri. M'malo mwa kugunda kogwedeza siling'i kunatsala kugunda kozama ngati munthu wamenya chitseko ndi chikhatho kuchipinda chakutali. Komabe ndinadziwa kuti ndangomanga paipi kuti isadumphe, koma chimene chimaidumphitsa chikadalipo, ndipo tsopano chikumenya molumikizira mapaipi.

9 Julayi: Kapaipi kosunga mpweya

Ndinayesa njira imene amisiri akale ankagwiritsa ntchito. Pafupi ndi kampopi ka chimbudzi ndinalowetsa cholumikizira cha njira zitatu, ndipo pamwamba pake ndinaimika kapaipi ka masentimita 40 kotseka kumutu. Mpweya umene umatsekeredwa m'kapaipiko umafinyika madzi akamenya, n'kumeza kugundako. Zipangizo ndi kudulitsa mazinga zinakwana 380 MT. Pamalo amenewa ndi pamene tepi yoyera imafunikadi, ndipo iyenera kukulungidwa motsata mbali imene cholumikizira chimazungulira pomanga, apo ayi imavundukuka n'kuunjikana kunja.

Kwa masiku khumi m'nyumba munali bata, ndipo ndinauza mayi a kunyumba kuti ntchito yatha. Pa 19 Julayi kugunda kunabwerera. Mpweya wa m'kapaipi kotere umasungunukira m'madzi pang'onopang'ono mpaka kapaipi konse kadzaza madzi, ndipo kuti kagwirenso ntchito pamafunika kuzimitsa pampu, kutsegula mipopi yonse, kukhuthula mapaipi, kenako n'kudzazanso. Ndinachita zimenezo kamodzi ndipo zinathandiza, koma sindingamakhuthule nyumba yonse kawiri pamwezi.

20 Julayi: Kubwera kwa a mestre, ndi zimene tinapeza papampu

Ndinaitana a mestre, mmisiri wachikulire amene amakonza mapampu m'dera lathu lino. Ndinawafotokozera zonse kuchokera m'kope langa, ndipo ndinkayembekeza kuti alowa kuchimbudzi, koma iwo anapempha kuti ndiwaonetse pampu. Atafika m'kanyumba ka pampu anauza mwana kuti akatsegule mpopi wa kukhitchini pang'ono chabe, iwo n'kukhala chete akumvetsera. Pampu inayaka nthawi yomweyo, inazima patapita masekondi atatu, inayakanso, inazimanso, mobwerezabwereza.

"Bambo, pampu imeneyi yakhala ikuchita chonchi kuyambira liti?" anandifunsa.

"Sindikudziwa bwino, a mestre. Ine ndimaganiza kuti ndi mmene imagwirira ntchito."

"Ayi ndithu. Mpopi umodzi wotsegula pang'ono chonchi, pampu imayenera kudikira kaye balão apereke madzi ake. Apa balão wanuyu sakugwira ntchito."

Anagogoda kathanki kofiirako ndi sipanala kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ponseponse kankamveka kolemera, kopanda kulira kwa chinthu chokhala ndi mpweya. Kenako anatsegula kachivundikiro kakuda kumbuyo kwake, pamene pali valavu yofanana ndendende ndi ya tayala la galimoto, n'kudina kamsomali ka pakati ndi nsonga ya waya. M'malo mwa mpweya munatuluka madzi adzimbiri amene anawathira pamkono. Anandifotokozera kuti m'kati mwa balão muli chubu chalabala chimene chimalandira madzi, ndipo kunja kwa chubucho kumakhala mpweya wopopedwa. Mpweya umenewo ndi umene umakankha madzi pampu ikazima, komanso ndi umene umameza kugunda kwa mapaipi a nyumba yonse. Chubu chathu chinabooka, mpweya wonse unatha, moti kathankiko kanangosanduka chitini chodzaza madzi. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti kapaipi kanga ka masentimita 40 kanali kuyesa kugwira ntchito imene balão wa malita 24 anaisiya.

Vuto lachiwiri linali pageji yoonetsa mphamvu ya madzi. Muvi wake unaima pa 2 bar osasuntha, kaya pampu yayaka kaya yazima, ndipo ine kwa zaka ndinkauyang'ana n'kumakhutira kuti zonse zili bwino. A mestre anali ndi geji yatsopano m'chikwama, ya 350 MT, ndipo itaikidwa tinaona kuti pampu ikuzima mphamvu itafika pa 5 bar. Kuti mumvetse kukula kwake, 1 bar ndi mphamvu ya madzi otsika kuchokera m'thanki yokwezedwa pafupifupi mamita 10, choncho nyumba yathu yopanda nsanjika inkalandira madzi ngati ochokera pamwamba pa mamita 50. Ndinakumbuka kuti zaka ziwiri zapitazo mnyamata wina amene anatilumikizira paipi ya kudimba la mbatata ndi kabichi kuseri kwa nyumba anamangitsa nati ya paswichi imene imayatsa ndi kuzimitsa pampu kuti madzi azifika kumapeto kwa munda mwamphamvu. Ine ndinamuyamikira tsiku limenelo.

Chubu chatsopano konkuno sichinapezeke, ndipo tinaitanitsanso ku Tete pa 1,100 MT pamodzi ndi mtengo wotumizira. Podikira, a mestre anatsitsa kaye mphamvu paswichi kuti mapaipi apume.

27 Julayi: Kuika chubu ndi kuchuna swichi

Ndilemba ndondomeko yake mmene tinachitira, chifukwa apa ndi pamene munthu angadzipweteke. Tinazimitsa magetsi a pampu pabokosi lenileni, osati paswichi ya pakhoma yokha, ndipo tinatsegula mpopi mpaka geji inafika pa ziro. Kenako tinamasula mabawuti a chivundikiro cha balão, tinasolola chubu chakale chimene chinali ndi mng'alu wotalika ngati chala pafupi ndi khosi, tinakhuthula madzi ndi matope, n'kusiya kathankiko padzuwa kuti kaume m'kati. Dzimbiri linalipo koma silinadye chitsulo mozama, ndipo a mestre anaweruza kuti kathankiko kakhoza kupitiriza. Pobwezera chivundikiro anamanga mabawuti modumphitsa, uyu kenako wa tsidya lake, kuti khosi la chubu lipanikizike mofanana.

Mpweya umapopedwa mbali ya madzi ili yopanda mphamvu, mpopi uli wotsegula, apo ayi muyeso wake umanama. Tinagwiritsa ntchito pampu ya phazi ya matayala ndi geji ya matayala imene ndinabwereka kwa woyendetsa njinga yamoto woyandikana nafe. Lamulo limene a mestre anandipatsa ndi lakuti mpweya ukhale wochepera ndi 0.2 bar poyerekeza ndi mphamvu imene pampu imayakira. Tinasankha kuti pampu iziyaka pa 1.8 bar n'kuzima pa 3 bar, choncho mpweya tinaupopa kufika pa 1.6 bar.

M'kati mwa swichi muli masipuling'i awiri, yaikulu ndi yaing'ono, iliyonse ndi nati yake. Nati ya sipuling'i yaikulu imakweza kapena kutsitsa poyakira ndi pozimira pamodzi, pamene yaing'onoyo imasintha mpata wa pakati pa ziwirizi. A mestre ankatembenuza pang'ono magetsi ali ozimitsa, n'kubwezera chivundikiro, n'kuyatsa, n'kuyang'ana geji pamene mwana akutsegula mpopi, ndipo anabwereza kasanu mpaka manambala anakhala pamene tinkafuna. Mawaya a m'swichi imeneyo ali pafupi kwambiri ndi manatiwo, ndipo pansi m'kanyumba ka pampu nthawi zonse pamakhala ponyowa.

Titamaliza, mpopi wa kukhitchini unatulutsa madzi odzaza ndowa yaing'ono pampu isanayake. Tinagejemula chimbudzi katatu, ine nditaika dzanja papaipi ya pakhoma, ndipo potseka valavu ndinangomva kakugwedeza kochepa m'dzanja, khutu osamva kanthu. Ndinawalipira a mestre 1,200 MT ya masiku awiriwo. Madzi a kudimba afooka ndithu, mpaka kumizere yakumapeto tikuthirira ndi kheni, ndipo mayi a kunyumba sanakondwe nazo, koma nkhani imeneyo idzafuna paipi yakeyake.

3 Ogasiti: Kubwatabwata kwa kubafa

Phokoso lachinayi silikhudzana ndi madzi olowa koma otuluka. Mukagejemula, madzi ambiri amatsika nthawi imodzi m'paipi yaikulu ya mamilimita 110 yopita kudzenje la zonyansa, ndipo kumbuyo kwawo amakoka mpweya. Mpweyawo umayenera kulowera papaipi yopumira imene imakwera kunja kwa khoma mpaka kupitirira denga. Ikatsekeka, madziwo amakoka mpweya paliponse pamene angaupeze, ndipo kwathu ankaukoka kudzera m'kakhosi kopindika ka pansi pa bafa, kamene kamasunga madzi otchinga fungo. Ndi chifukwa chake masiku ena kubafa kunkamveka kafungo koipa ngakhale atakolopa bwino.

Ndisanakwere padenga ndinatsegula chivundikiro cha kabokosi koyendera mapaipi panja, n'kuuza mwana agejemule. Madzi anadutsa mwaufulu osabwerera, kusonyeza kuti paipi yapansi sinatsekeke ndipo dzenje silinadzaze. Dzenje lenilenilo sindinalitsegule, ndipo munthu asamaweramiremo kapena kulowamo, chifukwa mpweya wa mmenemo umakomola ndi kupha.

Alamu anandigwirira makwerero. Paipi yopumirayo inalibe chipewa, ndipo nditaunikamo ndi tochi ndinaona udzu pafupifupi mkono umodzi kuchokera pamwamba. Ndinapinda waya kukhala ngowe n'kuyamba kukoka. Munatuluka udzu wouma, nthenga, ulusi wa thumba la feteleza ndi tizigoba ta mazira, zodzaza manja awiri. Ndinasamala kukokera m'mwamba osati kukankhira pansi, kuopa kuti chisacho chingakatsekereze pokhota. Pomaliza ndinathiramo ndowa ya madzi, n'kuwamva akutsika bwinobwino mpaka pansi. Chipewa cha paipi ndi kasefa ka waya zinakwana 120 MT. Kubwatabwata kunatha tsiku lomwelo, ndipo fungo silinabwerenso.

17 Ogasiti: Sefa ya mchenga ndi ndalama zonse

Mchenga umene ndinaupeza m'valavu ndi pakalabala ka pansi unachokera m'chitsime, ndipo ukanawononganso zipangizo zatsopanozi. Pa 10 Ogasiti ndinaika sefa ya chikho choonekera m'kati papaipi yochoka papampu isanalowe m'nyumba, ndi kampopi kotsekera mbali zonse ziwiri kuti potsuka ndisamakhuthule nyumba. Sefayo inali 900 MT, zolumikizira 250 MT. Ndinaiika pamthunzi m'kanyumba ka pampu, chifukwa chikho choonekera chikakhala padzuwa chimamera ndere.

Ndikawerengera zonse kuyambira mpopi wa mwezi wa Meyi uja, ntchitoyi yadya 7,270 MT. Mwa ndalama imeneyi, 1,930 MT inapita pa zinthu zimene sizinathandize: mpopi wa kubafa, valavu ndi ulendo wa ku Dedza, kapaipi kofewa kamene ndinakawononga, ndi kapaipi kosunga mpweya. Kapaipi komalizaka sindinakachotse, chifukwa sikakudontha ndipo kukachotsa n'kuputa mazinga amene akhala kale bwino.

Apongozi anabwerera ku Domue sabata yatha, atagona masabata awiri kampopi ka chimbudzi kali kotsegula usiku wonse. Lero m'mawa ndayang'ana sefa patatha masiku asanu ndi awiri chiikireni, ndipo pansi pa chikho pasonkhana kale mchenga wokwana supuni yaing'ono. M'nyengo yachilimwe ino madzi a m'chitsime akutsika, ndipo ndikukayikira kuti paipi yokokera madzi yayandikira kwambiri pansi. Loweruka likubwerali ndidzaisolola kuti ndiyeze kutalika kwake ndi kuya kwa chitsime, ndipo ngati mpata uli wochepa ndidzaidula theka la mita. Mpweya wa mu balão ndalemba pakhoma la kanyumba ka pampu ndi choko kuti ndidzaupimenso kumayambiriro kwa Novembala.